Mmisiri wa bangwe naye aitanidwe pabwalo

Nkhani yomwe inakambidwa pamsonkhano wa zachitukuko wa anthu a m'dera la Senga Bay, kwa Mfumu Yaikulu Maganga



Senga Bay si mlendo pa nkhani ya zoimbaimba. M'chaka cha 2008 chikondwerero cha Lake of Stars chinachitikira pamchenga wa Sunbird Livingstonia Beach, ndipo mu 2018 chinabweranso m'boma lino, ku Kabumba Hotel. Sand Music Festival, yomwe anayambitsa malemu Lucius Banda, nayo yasonkhanitsa anthu kangapo m'mbali mwa nyanja yomweyi. Pa masiku otere magalimoto amatsatana ngati linthumbu pamsewu wochokera paboma, ogulitsa chambo ndi kanyenya amawerenga phindu, ndipo maina a oimba amalembedwa m'zilembo zikuluzikulu. Pali munthu mmodzi amene dzina lake silioneka pazikwangwanizo. Ameneyu ndi mmisiri wopanga zoimbira za nsambo: wosema bangwe, womanga kaligo ndi uta wake, wokhoma banjo ya chitini, wokunga babatoni. Nkhani ya lero ndi yake, ndipo pempho lake ndi limodzi: dera lino likhale ndi mpikisano wa amisiri otere, woweruzidwa ndi khutu, dzina la mwini chida litabisidwa.

Anthu ambiri amaiona ngati masewera ntchito imeneyi chifukwa sanakhalepo pansi n'kuionerera. Bangwe amayamba ndi thabwa. Mmisiri amafuna mtengo wouma bwino, ndipo ambiri amakonda mlombwa. Amausema mpaka upyapyale koma usapindike, kenaka n'kuboola timabowo kumapeto konse kuwiri. Chingwe kapena waya mmodzi ndi amene amalowa ndi kutuluka m'timabowomo mpaka nsambo zisanu ndi ziwiri, pena kuposerapo, zitayalana pathabwapo. Kunsi kwa nsambozo amalowetsako tizidutswa ta bango kapena ta nsungwi, ndipo kusuntha kachidutswa kamodzi pang'ono chabe kumasintha liwu. Mapeto a thabwalo amalowa m'chipanda kapena m'chitini kuti mawu akule, ndipo ena amamangirirapo zitsekerero za mabotolo kuti zizinjenjemera nsambo zikamalira. Palibe buku limene mmisiriyu amawerenga, palibe sikelo. Amagogoda thabwa ndi chala, n'kumvetsera.

Kaligo ndiye wovuta koposa, ngakhale amaoneka wosavuta. Ali ndi nsambo imodzi yokha, yodutsa pamwamba pa kang'oma kokutidwa ndi chikopa, ndipo salira mpaka uta utamkhwekhweza. Utawo ndi kamtengo kopindika, komangidwa ulusi wa khonje kapena wa mlaza, wopakidwa utomoni kuti uzigwira nsambo. Uta ukalemera, liwu limatsamwa. Ukapepuka kwambiri, chida chimangolira ngati udzudzu. Choncho wopanga uta ali ndi luso lakelake, losiyana ndi la wopanga chida, ngakhale kuti kuno kumudzi maluso awiriwa amakhala m'manja mwa munthu mmodzi.

Zida zimenezi zalitengera kutali dzina la Malawi. Allan Namoko wa ku Thyolo, amene anali wosaona, anamveka m'dziko lonse ndi banjo yake pamodzi ndi gulu la Chimvu River Jazz Band. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka ankaimba m'misewu ya mu Blantyre, gulu lawo lili ndi besi ya nsambo imodzi, pamene katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana nawo mu 1967. Masiku ano Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amaliza babatoni wa mamita pafupifupi atatu, wa mtengo, chikopa cha ng'ombe ndi waya wa m'tayala, dzanja lina lili ndi kamtengo, lina lili ndi botolo. A Madalitso Band, anyamata awiri amene ankaimba m'misewu ya mu Lilongwe, anaitanidwa ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, ndipo kuchokera pamenepo akhala akuzungulira maiko a ku Ulaya ndi babatoni wopangira kunyumba. Magitala a m'sitolo azungu ali nawo ambirimbiri kwawo. Chimene amalipirira pakhomo ndi liwu limene sangalipeze m'sitolo.

Komabe mipikisano yomwe Amalawi anaizolowera imayang'ana gulu loimba ndi nyimbo zake. Zimenezo n'zabwino ndipo zipitirire. Koma woimba akalandira mphoto, amene anamangira chida chake amakhala ali kumudzi, akuwotha dzuwa, osadziwa n'komwe. Ana ake amaona kuti luso la bambo wawo silibweretsa ulemu kapena mchere pakhomo, ndiye aliphunzirirenji? M'zaka za m'ma 1950 Hugh Tracey anayenda m'dziko la Nyasaland n'kujambula nyimbo za oliza bangwe ndi zida zina, ndipo zojambulazo zikusungidwa mpaka lero ku Rhodes University, ku South Africa. Mdzukulu wa woimba atafuna, angathe kumva mawu a agogo ake. Koma tepi inasunga liwu lokha. Momwe dzanja linkagwirira sompho, momwe diso linkasankhira mtengo, izo zimalowa m'manda pamodzi ndi mmisiri ngati sanasiye wophunzira. Bungwe la UNESCO linaizindikira mfundo imeneyi mu 2020, pamene linaika sansi ya Malawi ndi mbira ya Zimbabwe pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse: linatchula luso la kupanga chidacho pamodzi ndi la kuchiliza.

Maiko ena anayamba kale kupikisanitsa amisiri otere, ndipo ndi bwino kuona momwe amachitira. Ku Italy kuli mzinda wa Cremona, kwawo kwa Antonio Stradivari, mmisiri wa vayolini amene anamwalira mu 1737 koma zida zake zikulizidwabe. Vayolini ndi m'bale wake wa kaligo: naye amalira ndi uta, kungoti ali ndi nsambo zinayi. Kuyambira mu 1976, mzindawu umachititsa mpikisano wa opanga zida zimenezi zaka zitatu zilizonse, ndipo amisiri amachokera m'maiko ambiri. Chida chimafika kwa oweruza chopanda dzina la mwiniwake. Oweruzawo ali pawiri: amisiri anzawo, amene amayang'ana kasemedwe, kalumikizidwe ndi kapakidwe, ndi akatswiri oliza zidazo, amene amaweruza liwu. Chida chopambana chimagulidwa n'kukasungidwa m'nyumba yotchedwa Museo del Violino, ndipo oweruza akaona kuti palibe chimene chafika pamlingo, mendulo ya golide saipereka. Ku America, bungwe la Violin Society of America limachititsa mpikisano wake zaka ziwiri zilizonse, ndipo opanga mauta amakhala ndi gawo lawolawo. Mmisiri akapata golide m'mipikisano itatu saloledwanso kupikisana nawo, kuti ena nawo aonekere.

Senga Bay si Cremona, ndipo palibe amene akunena kuti akhale Cremona. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Choyenera kutengako ndi nzeru ya kubisa dzina. Aliyense amene anaonererapo mpikisano wa magule kapena wa makwaya m'midzi akudziwa momwe anthu amabalalikira: ena akuvina, ena akung'ung'udza kuti oweruza anakondera mwana wa kwa mfumu kapena mlamu wa wapampando. Chida chikalandira nambala m'malo mwa dzina, n'kulizidwa kuseri kwa chinsalu, oweruza atakhala mbali inayo, mkangano wotere umachepa. Mmisiri wosauka wa kumtunda amafanana ndi wa pamsika amene ali ndi makasitomala achizungu.

Chinsalucho chili ndi ntchito inanso, mwina yoposa yoyambayo. M'misika ya ziboliboli m'dziko muno muli zoimbira zosemedwa mokongola, zopakidwa polishi, zojambulidwa njovu ndi mvuu, koma zosalira. Zinapangidwira khoma la m'nyumba ya mlendo. Osema sakulakwa, pakuti akutsata chimene wogula akufuna, ndipo ana awo ayenera kudya. Koma mpikisano woweruzidwa ndi maso okha ungathe kukankhira amisiri onse ku njira yomweyo, mpaka bangwe weniweni, wakuda ndi utsi wa m'khitchini, atasowa pomuika. Kukongola kuwerengedwe ndithu, koma kubwere pambuyo pa liwu.

Apa pali vuto limene a ku Cremona alibe. Vayolini aliyense amachunidwa mofanana, ndiye katswiri mmodzi angathe kuliza zida makumi awiri motsatizana. Bangwe sali choncho. Mwiniwake amamuchuna molingana ndi mmero wake ndi nyimbo za kwawo, ndipo kachunidwe ka ku Chigwa cha Shire sikayenera kufanana ndi ka kunyanja kuno. Woweruza amene anaphunzira nyimbo pa kiyibodi ya kutchalitchi angathe kunena kuti chida chasokonekera pamene chili bwinobwino. N'chifukwa chake pampando wa oweruza payenera kukhala akuluakulu amene anakula akumva zida zimenezi, ndipo mwina mmisiri aloledwe kuliza yekha chida chake kuseri kwa chinsalu, popanda kuimba ndi pakamwa kuti angadziwike mawu. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuti amisiri eniake aikambirane, isagamulidwe mu ofesi.

Mpikisanowu usakhale wa madoda okha. Anyamata amene amakhoma banjo ndi chitini cha mafuta, waya wa buleki ya njinga ndi twaini wa asodzi akhale ndi gawo lawo, pakuti oimba ambiri otchuka anayambira pomwepo. Amayi nawo ali ndi chida chawo, mkangala, uta wa bango umene atsikana ankauliza atauika pakamwa madzulo. Bango ladzaza m'mbali mwa nyanjayi, koma ndi atsikana angati lero amene anauonapo mkangala? Agogo aakazi amene akuukumbukira akadalipo m'midzimu. Ndipo dera la asodzi lili ndi mwayi wina: manja amene amasema bwato ndi kukhoma boti la matabwa amaudziwa kale mtengo.

Nkhani ya mtengoyo ndiyo yosazembeka. Mauta abwino a vayolini amapangidwa ndi ubweya wa kumchira wa hatchi ndi mtengo wotchedwa pernambuco, umene umamera ku Brazil. Mtengowo unadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutha, ndipo mu 2007 unaikidwa pamndandanda wa pangano la CITES, loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zomwe zili pangozi. Lero opanga mauta a ku Ulaya amasonkha ndalama zobzalira mtengowo, pozindikira kuti ukatha ntchito yawo yatha. Kuno mlombwa ndi phingo zikuyenda njira yomweyo. Amene anakula akuiona mitengo imeneyi kuseri kwa nyumba, lero amaifuna kutali, ndipo nkhalango ya Thuma yavutika zaka zambiri ndi owotcha makala. Mpikisano umene ungatumize anthu kukadula mitengo m'nkhalango yotetezedwa ungakhale tsoka. Wolowa nawo anene komwe anatenga thabwa lake, ndipo chitseko chakale kapena mpando wothyoka wa mlombwa zilandiridwe ndi manja awiri, pakuti thabwa lotere ndiye louma bwino. Chikopa chikhale cha mbuzi kapena cha ng'ombe, ng'azi isiyidwe pamwala pake. Pamphoto pakhalenso mbande.

Ena afunsa, ndipo ali ndi ufulu wofunsa: dera limene likusowa mijigo, zipinda zophunziriramo ndi milatho, lingataye bwanji nthawi ndi bangwe? Funsoli n'lomveka, ndipo ndalama ya mjigo isakhudzidwe. Koma mpikisano wotere sufuna nyumba yosanja. Ufuna mthunzi wa mtengo, chinsalu, oweruza okhulupirika ndi mphoto yooneka. Mahotela ndi malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanjayi, amene amapindula alendo akakhala ndi choti aone, angathe kupemphedwa kuti aikepo dzanja. Phindu lake si la tsiku limodzi. Mmisiri wopambana amapeza dzina, ndipo dzina limakweza mtengo wa chida chake. Ku Mua, m'boma loyandikana nalo la Dedza, malo a Kungoni omwe anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976 aonetsa kuti luso la kusema likalemekezedwa limadyetsa mabanja. Chida chopambana chigulidwe pamtengo woyenera, osati kungotengedwa ngati mphatso, ndipo chikasungidwe pasukulu ya m'deralo, pomwe ana angachigwire n'kuchiliza. Wopambana alonjeze kuphunzitsa mwana mmodzi chaka chisanathe, ndipo wopambana katatu akhale woweruza.

Chitukuko cha m'boma chimayambira kumudzi. Ganizo ngati ili liyenera kukambidwa m'makomiti a VDC, likwere ku ADC, kenaka lifike kukhonsolo kuti lione ngati lingalowe m'ndondomeko ya chitukuko cha boma la Salima. Anthu akalikana, likanidwa. Koma pali ntchito imodzi yosafuna ndalama kapena chilolezo cha wina aliyense, imene ingayambike mawa. Mfumu iliyonse, mothandizana ndi mlembi wa VDC, ilembe amisiri a zoimbira amene akadali moyo m'mudzi mwake: chida chimene amapanga, amene anawaphunzitsa, ndiponso ngati pali mwana amene akuphunzira kwa iwo. Olembawo asaiwale kufunsa amayi achikulire za mkangala, ndipo asadumphe nyumba ya munthu wosaona kapena wolumala, pakuti nthawi zambiri bangwe amapezeka kumeneko. Mapepalawo abwere ku msonkhano wa ADC wotsatira.