TIBWERERE KU BWALO LA MPIRA

Awa ndi mau amene Mlembi wa Nthambi analankhula pa msonkhano wa mwezi uno. Tawalemba pano kuti amene sanafike awamve naonso.



Lero sindilankhula za makadi kapena za zopereka ai. Ndifuna kulankhula za bwalo lathu la mpira, lija liri kuseri kwa sukulu. Ine ndimadzera pamenepo m'mawa uliwonse popita kukaphunzitsa, ndipo ndimaona m'mene likuchepera chaka ndi chaka. Mbali ya kum'mawa mizere ya chinangwa yalowa kale. Golo limodzi linadyedwa ndi chiswe, ndipo palibe amene anadula mtengo wina. Tsono ndifunse: anatilanda bwalo limeneli ndani? Palibe. Tinalisiya tokha ife akulu, tsiku limene tinalowa m'banja ndi kuyamba kunena kuti mpira ndi wa ana.

Taonani chimene chimachitika ana akatsala okha. Anyamata athu akamasewera ndi a tsidya la mtsinje, woimbira amakhala mnyamata mnzao. Akangolakwitsa pang'ono, ndeu yabuka, miyala yayamba kuuluka, ndipo m'mawa mwake mlandu uli kwa mfumu. Makolo athu anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Nanga moto uzimira kuti, pamene dambolo lapita kukakhala ku mowa?

Taonaninso china. Chaka cha chisankho chikafika, timaona anthu akubwera pa galimoto ndi chikho, mipira ndi mayunifomu. Mavoti akawerengedwa, chikho chija sichibweranso. Anyamata athu si opusa. Amadziwa bwino amene amawafuna chifukwa cha voti ndi amene amakhala nao Loweruka liri lonse. Ife timadandaula kuti achinyamata safika ku misonkhano ya nthambi. Kodi ife tinafikako liti kumene iwo amasonkhana?

Ndikudziwa kuti ena mukunena mumtima kuti, "Aphunzitsi, ife takalamba." Imvani tsono. Mai Mary Waya anabadwa m'chaka cha 1968, ndipo m'chaka cha 2010, ali ndi zaka 42, anasewerera dziko lino ntchemberembaye pa mpikisano wa maiko a Commonwealth ku Delhi, kumene Malawi anakhala wachisanu. Bambo Kinnah Phiri anali m'timu imene inatenga chikho cha kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi 1979. Miyendo itatopa sanachoke pa bwalo, koma anasanduka mphunzitsi wa mpira, ndipo ndiwo anatsogolera timu yathu ku Angola mu 2010, pamene tinagonjetsa Algeria ndi zigoli 3 kwa 0. Ife sitifuna chikho cha Africa. Tingofuna kuchita chimene iwo anachita, ndiko kusachoka.

Ena mukuti khasu ndi masewera okwanira. Nthawi ya dzinja zimenezo n'zoona. Koma tikakolola, ambiri timangokhala pa khonde mpaka nthawi yososa. Nanga ife aphunzitsi, atelala ndi eni magolosale, amene ntchito yathu ndi ya pa mpando? Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, limalangiza kuti munthu wamkulu azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa mlungu. Kugawa kwake ndi mphindi 30 pa tsiku, masiku asanu. Kutero kumathandiza kupewa nthenda ya shuga ndi ya kuthamanga kwa magazi, zimene kale tinkati ndi za anthu a m'tauni, koma lero zalowa m'midzi mwathu muno.

Chifukwa chake ndikupempha nthambi kuti ivomere zinthu zinai.

Choyamba, Loweruka likudzali tibwere ndi makasu ndi zikwanje, tilambule bwalo ndi kuzika magolo atsopano. Tipemphe mafumu athu kuti aloze malire pamaso pa anthu onse, ndipo mwini chinangwa tilankhule naye mwaulemu, akolole kaye za chaka chino.

Chachiwiri, Loweruka liri lonse masana amai ayambe ndi ntchemberembaye, kenaka abambo. Tiyambe pang'onopang'ono, mphindi 20 mbali iri yonse, pakuti mafupa athu si a dzana lija. Abambo, musaletse akazi anu. Tsiku limenelo mphika ukhoza kudikira.

Chachitatu, amene sangathe kuthamanga ntchito iripo: kuimbira, kuthira phulusa m'mizere, kutunga madzi ndi kuleretsa mkangano usanakule. Amene muli ndi vuto la mtima kapena la magazi, yambani mwafunsa ku chipatala.

Chachinai, pa bwalo tisabvale nsalu ya chipani. Bwalo ndi la mudzi wonse, ndipo aliyense asewere, ngakhale wa chipani china. Anthu atidziwe ndi ntchito zathu.

Ine ndemwe ndatha zaka 11 osamenya mpira, ndipo ana a sukulu adzandiseka ndithu. Asekeni. Loweruka mudzandipeza pa golo, ndipo a Wapampando ndawasungira kale malo kutsogolo.