Jogalafe Iyambire pa Khomo: Mau Olankhulidwa pa Msonkhano wa Pacaka

 Ine ndagwira coko zaka zambiri m'boma lino la Zomba, ndipo cimene nditi ndinene ndinaciphunzira mwa kulakwa kwanga.

Tsiku lina ndinafunsa ana mitsinje ikuluikulu ya mu Africa. Onse anayankha pamodzi mokweza: Nile, Congo, Niger, Zambezi. Ndinakondwa. Koma nditafunsa kumene amapita madzi a Likangala, mtsinje umene ambiri a iwo anaoloka m'mawa womwewo, onse anangoti zii. Ndinacita manyazi, pakuti ndinaona kuti ndinali kuwaloweza maina cabe.

M'mawa mwace tinaturuka kunja. Tinaunjika mcenga, nitiucha phiri la Zomba, ndipo mnyamata wina anathira madzi a m'ndowa pamwamba pace. Madziwo anagawika pawiri. Ndinawauza kuti otsikira kumadzulo amakalowa mu Shire, amene aturuka m'Nyanja ya Malawi pafupi ndi Mangochi, napyola nyanja ya Malombe, nakathira mu Zambezi ku Mozambique. Otsikira kum'mawa, monga a Likangala ndi Domasi, amathera m'nyanja ya Chilwa. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje woturutsa madzi. Amene amamwa madzi ace ndi dzuwa. Ndico cifukwa cace madziwo amamveka mcere, ndiponso mvula ikacepa zaka zotsatana nyanjayo imaphwa, monga inacitira mu 1968 ndi mu 1995, pamene matemba anasowa m'misika yathu.

Pamenepo mtsikana wina anafunsa, "Aphunzitsi, nanga dothi limene latsika ndi madzili likupita kuti?" Funso lotere sindinalimvepo masiku onse a kuloweza aja. Tinapanga miulu iwiri, wina wofunda udzu, wina wopanda kanthu, nitithira madzi ofanana. Ana anaona okha kuti wopanda udzu unang'ambika ngalande. Kucokera apo sikunali kobvuta kuwafotokozera kuti mitengo ikatha m'mapiri, matope amadzaza mitsinje, nakasautsa makina a magetsi a ku Nkula pa Shire, amene anayamba nchito mu 1966.

Sindikunena kuti za maiko akutali tizileke, iai. Koma mwana wodziwa kumene madzi a kwao acokera sabvutika kumvetsa kuti Egypt, dziko la mvula yocepa, likhalira moyo madzi a Nile, amene ambiri ace acokera ku mapiri a Ethiopia. Mwana wotere akaona mapu pakhoma adziwa kuti mizere ija ndi madzi enieni amene anthu amamwa.

Tsono ndipempha zinthu zitatu. Coyamba, makolo, mukaona mphunzitsi ali ndi ana kumtsinje, musati akutaya nthawi. Kumeneko ndiko kuli phunziro. Caciwiri, bungwe lino lithandize sukulu zathu kupeza coyezera mvula, kuti ana azilemba mvula ya tsiku ndi tsiku kuyambira Novembala kufikira Epulo, nayerekeze caka ndi caka cinzace. Cacitatu, inu akuluakulu amene munaona Chilwa itauma ndi mapiri akali ndi nkhalango, bwerani kusukulu mudzawauze ana zimene munaona ndi maso anu. Buku silingathe kunena monga munganenere inu.

Ana amenewa ndiwo adzagawa minda ndi kusunga mitsinje ife titapita. Tikawasiya osadziwa dziko lao, adzaliononga mosazindikira, ndipo mlandu udzakhala wathu.