Magazi pa nzimbe si nkhani yoseka



Ndiyambe ndi funso. Ndi angati muno amene anadyapo nzimbe kapena chimanga chootcha, n'kuona kachidontho ka magazi pamene aluma? Musachite manyazi, inenso ndili m'gulu lomwelo. Ndili folomu 3, ndikamatsuka mkamwa malovu ankatuluka ofiira, ine n'kumati mswachi ndi wolimba basi. Kenako mnzanga wina anandiuza mosabisa kuti, "Aise, mkamwa mwako mwayamba kununkha." Zinandiwawa, koma anandithandiza. Chinali chiseyeye, matenda a nkhama.

Matendawa amayamba chonchi. Tikadya, timanyenyeswa timatsalira pamene dzino lakumana ndi nkhama. Tizilombo tosaoneka ndi maso timasonkhana pamenepo n'kupanga litsiro loterera. Likakhala masiku angapo osachotsedwa, litsiroli limauma ngati mwala, ndipo mswachi sungathenso kulichotsa. Nkhama zimatupa, kufiira ndi kutuluka magazi. Zikafika apa zimachizika. Koma tikazilekerera, matenda amalowa pansi n'kuyamba kudya fupa logwira dzino. Dzino labwinobwino, losabooka, limayamba kugwedera mpaka kuguluka, ndipo fupa lodyekalo silibwerera lokha. Azakhali anga sanafike zaka 50, koma nyama ndi chimanga chokazinga anasiya kalekale. Ife tinkati ndi ukalamba, kumene chinali chiseyeye.

Choipa cha matendawa n'choti poyamba sapweteka. Bungwe la WHO linanena mu 2022 kuti anthu pafupifupi 1 biliyoni padziko lonse ali ndi matenda aakulu a nkhama. Kuno kwathu madokotala a mano ndi ochepa kwambiri, moti dziko la Malawi linayamba kuphunzitsa lokha madokotala otere mu 2019, ku College of Medicine ku Blantyre, yomwe pano ili pansi pa KUHeS. Ndiye taganizani ndalama ya thiransipoti yochoka pa Namwera pano, kutsika mapiri mpaka ku Boma, chifukwa cha dzino limene mphindi ziwiri zikanalipulumutsa.

Nanga titani? Tsukani mano kawiri pa tsiku, mmawa ndi usiku musanagone, mphindi ziwiri zathunthu. Ambiri timatsuka mmawa pokha kuti tikaoneke bwino pagulu, pomwe usiku ndi pofunika kwambiri chifukwa tikagona malovu amachepa. Pendeketsani mswachi kuti ukhudze m'mphepete mwa nkhama, muzitsuka mofatsa, osati ngati mukukwecha poto. Mankhwala otsukira akhale a fluoride, ndipo mukatha ingolavulani, osachukucha ndi madzi. Mukaona magazi musasiye kutsuka. Nthawi zambiri amaleka pakatha sabata imodzi kapena ziwiri.

Wina anena kuti Colgate wadula. Zoona. Koma mswachi wamtengo, womwe abale athu Achisilamu amagwiritsa ntchito asanaswali, umachotsa litsiro bwino ndithu ukafika mano onse, ndi a kumbuyo omwe. Muzingodula nsonga yake ikatha. Wa m'sitolo muzisintha pa miyezi itatu, ndipo wa mtundu uliwonse osabwerekana. Makala, phulusa ndi mchenga ayi: zimapala dzino ndi kucheka nkhama. Singano ndi phini si zotokosera mano.

Maswiti, mafilizesi ndi tiyi wa masipuni anayi a shuga tichepetseko, chifukwa zimaboola mano. Fodya, wosuta ngakhale woika mkamwa, amakulitsa chiseyeye komanso amachibisa, poti nkhama za wosuta sizituluka magazi msanga. Amayi oyembekezera ndi odwala shuga amagwidwa msanga, choncho kawakumbutseni kunyumba.

Magazi akapitirira sabata ziwiri, kapena mukaona mafinya, kutupa, kapena dzino logwedera, pitani kuchipatala. Akakuonani n'kukutumizani kwa a mano, amene ali ndi zida zochotsera litsiro louma lija. Panado amangoziziritsa ululu, sachiza. Ine anandipala mano kamodzi, ndinasintha katsukidwe, ndipo magazi analeka.

Pempho langa ndi limodzi. Usiku uno musanagone, tsukani mano, muyang'ane malovu anu. Ndipo pa 20 Malichi, tsiku lokumbukira ukhondo wa mkamwa padziko lonse, ndikupempha kalabu yathu kuti tikaphunzitse ana a ku pulayimale katsukidwe aka.