Danieli ku Babulo: Mau kwa Ana a M'mafamu Olowa Yunivesite

Kuwerenga: Danieli 1:1-21

 Lero mtima wathu uli ku Mashonaland, m'makomboni a m'mafamu a ku Mvurwi, Centenary, Shamva, Banket, Karoi ndi Marondera, kumene kuli abale athu olankhula Chichewa. Tikufuna kulankhula makamaka ndi inu ana athu amene mwapambana mayeso a A Level ndipo mukulowa yunivesite. Makolo ndi agogo, musatseke wailesi, pakuti mau awa akukukhudzani inunso.

Ana athu, kumbukirani kumene mwachokera. Agogo anu anafika ku Rhodesia ena wapansi, ena pa malole a Ulere, enanso polembedwa ndi Mthandizi, ndipo anakalambira m'minda ya fodya, kuthyola, kuwotcha ndi kusankha masamba a eni ake. Pamene sukulu ya ukachenjede ya ku Mount Pleasant inalandira ophunzira ake oyamba mu 1957, inkatchedwa University College of Rhodesia and Nyasaland. Dzina la Nyasaland linalipo, koma mwana wa m'komboni sankalota n'komwe zopondako, chifukwa sukulu za m'mafamu zinkathera m'makalasi a m'munsi. Ndipo pamene mafamu anayamba kulandidwa m'chaka cha 2000, mabanja ambiri anataya ntchito ndi pogona pomwe. Tsono ngati lero mukulowa pa University of Zimbabwe, kapena pa yunivesite ya ku Bindura, ku Chinhoyi ngakhale ku Marondera, dziwani kuti mwasenza thukuta ndi mapemphero a mibadwo itatu.

Danieli nayenso anali mwana wa anthu ogonjetsedwa. Mfumu Nebukadinezara inamutenga pamodzi ndi Hananiya, Misaeli ndi Azariya, niwaika pa maphunziro a zaka zitatu mumzinda wachilendo. Tiyeni tione zinthu zinayi zimene anyamatawa anakumana nazo.

Choyamba ndi dzina. Atangofika, mkulu wa antchito a mfumu anawapatsa maina atsopano a ku Babulo, pofuna kuti aiwale kwao ndi Mulungu wao. Inunso mudzamva maina. Wina adzakutchani mubwidi, wina mubhurandaya, wina adzati mulibe mutupo. Pamenepo mudzayesedwa kubisa kuti ndinu Phiri, Banda kapena Mwale, ndi kuchita manyazi amai anu akabwera kudzakuonani atavala chitenje chofwifwa. Musatero ayi. Danieli anaphunzira chinenero ndi mabuku a Akasidi mpaka kuposa eni ake, komabe mpaka kuukalamba ankapemphera katatu pa tsiku mazenera ali otsegula kuloza ku Yerusalemu. Lankhulani Chishona bwino, lembani Chingerezi mwaluso, koma agogo akaimba foni muwayankhe m'Chichewa ngakhale anzanu akumva.

Pa nkhani ya dzinayi tionjezepo langizo la mapepala. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ana ambiri a anthu obwera ali ngati alendo m'dziko lobadwira. Koma malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amati munthu wobadwira m'dzikomo malamulowo asanatuluke, amene ankakhala momwemo pa nthawiyo, ndipo kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC, ndi nzika mwa kubadwa. Ngati chitupa chanu kapena kalata yanu ya kubadwa ili ndi vuto, pitani ku ofesi ya kalembera m'chaka choyamba chomwechi. Musadikire kuti mudzakakamire pa khomo la ntchito digiri ili m'manja.

Chachiwiri ndi gome la mfumu. Anyamata aja anapatsidwa chakudya ndi vinyo za kunyumba yachifumu, koma Danieli anali atatsimikiza kale mumtima kuti sadzidetsa nazo. Taonani kuti anasankha mbale isanafike patsogolo pake. Anapempha mwaulemu kuti awayese masiku 10 ndi ndiwo zamasamba ndi madzi, ndipo Mulungu anawalemekeza.

Gome la mfumu lilipo lero lino. Mwezi ukafika pakati, ndalama yatha, anzanu ali ndi mafoni onyezimira, ndipo panja paima galimoto la bambo wa msinkhu wa atate anu amene akuti alipira lendi ndi fizi. Ana athu aakazi, chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Mphatso zotere malipiro ake ndi mimba yosakonzekera, kachilombo ka HIV ndi maphunziro othera panjira. Ana athu aamuna, wina adzakuuzani kuti mutoriro umathandiza kuwerenga usiku wonse, kapena kuti bronco amachotsa nkhawa. Zimenezo zapenga misala anyamata ambiri anzeru. Tsimikizani mtima tsopano musanakwere basi.

Ndipo phunzirani kusamala kochepa kamene muli nako. Ndalama ikangofika pa foni, lembani papepala: choyamba pogona, kenaka chakudya, kenaka ya kombi ndi yosindikizira ntchito za m'kalasi. Zina zonse zibwere pambuyo. Kuphika limodzi ndi anzanu awiri kapena atatu kumatalikitsa thumba la ufa. Nsima ya masamba sinachititsepo munthu manyazi pamaso pa Mulungu.

Chachitatu ndi maphunziro enieniwo. Baibulo likutiuza kuti Mulungu anawapatsa nzeru anyamatawo, ndi kuti mfumu itawafunsa inawapeza oposa anzeru ake onse kakhumi. Koma zaka zitatu zija anazikhalira pansi akuwerenga. Pemphero sililowa m'malo mwa buku. Ku sekondale kunali belu ndi mphunzitsi wokulondolani. Ku yunivesite palibe adzakudzutseni, palibenso adzafunse chifukwa chimene mwajombera. Makolo anu ankadzuka kusanache kapitawo akaimba chitsulo. Inu dziimbireni nokha chitsulocho. Khalani ndi maola okhazikika a ku laibulale kuyambira sabata yoyamba, ndipo perekani ntchito tsiku lake lisanakwane. Ngati simunagwirepo kompyuta, nenani poyera kuti akuphunzitseni, pakuti safunsa anadya phula. Kukopera ntchito ya mnzanu kapena ya pa intaneti n'kuikapo dzina lanu ndi kuba ndithu, ndipo kukhoza kukuchotsetsani sukulu.

Chachinayi ndi abwenzi. Danieli sanaime yekha, anali anayi. M'chaputala chachiwiri, moyo wao utakhala pachiswe, anathamangira kwa anzakewo kuti apemphere pamodzi. Anzanu a m'masabata oyamba ndi amene kawirikawiri amaumba zaka zonse zotsatira, choncho musathamange. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Funani gulu la ophunzira achikhristu monga FOCUS, ndipo Lamulungu loyamba lomwelo mupezeke m'kachisi. Agogo anu anachita chimodzimodzi: atafika kuchilendo anapempha mbusa, ndipo mu 1912 Mbusa T.C.B. Vlok anachoka ku Nyasaland kukawatumikira ku Salisbury. Ntchito imeneyo ndiyo inabala Sinodi ya Harare ya CCAP. Iwo amene analibe sukulu anadziwa kuti mutu umodzi susenza denga.

Mukalephera mayeso, fizi ikasowa, kapena mtima ukalema mpaka kuganiza zoipa pa moyo wanu, musadzitsekere m'chipinda. Uzani mbusa, uzani mnzanu wokhulupirika, pitani ku ofesi yosamalira ophunzira. Kulephera phunziro limodzi si mathero a ulendo.

Tsono kwa inu makolo ndi mipingo ya m'makomboni: mwanayo sanayambe ntchito, musamusenzetse mavuto onse a pakhomo. Muimbireni foni, mumufunse ngati akudya ndi ngati akupemphera. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mpingo ukasonkha kangachepe, ndowa ya chimanga kapena ya basi, wafesa mbeu yabwino.

Pomaliza, ana athu, chimene chinamusunga Danieli ndi Mulungu amene anapita naye ku Babulo. Yesu Khristu anabadwira m'khola, nakhala mlendo ku Ejipito, nanyozedwa chifukwa cha mudzi wa kwao wa Nazarete. Iye akudziwa za m'komboni. Ngati simunamulandire kukhala Mpulumutsi wanu, mulandireni lero, kuti mukalowe naye pa chipata cha yunivesite.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, tikuika m'manja mwanu ana athu awa. Apatseni nzeru, asungeni ku zodetsa, apezereni chakudya ndi abwenzi oopa Inu, ndipo muwabweze kwao ali dalitso kwa makolo ao ndi kwa dziko. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.