Galimoto Yaliwiro: Makaniko Ayambe Waiona

Mau anga ndi amodzi: musapereke ndalama pa galimoto yaliwiro imene inayendapo kale makaniko wanu asanaione. Wogulitsa akakana, dziwani kuti chilipo chimene akubisa.

Nditenge chitsanzo cha Mazda RX-8, imene inkapangidwa ku Japan kuyambira 2003 mpaka 2012. Injini yake ilibe mapisitoni. Ili ndi marota awiri a ngodya zitatu amene amazungulira. Pa ngodya iliyonse pali kachitsulo kotseka mpweya. Tizitsulo timeneti tikaperepeseka mphamvu imathawa, ndipo mankhwala ake nkumasula injini yonse.

Tsono makaniko ayeze kompuleshoni ndi chipangizo choyezera injini za mtunduwu, akupatseni manambala 6, atatu pa rota iliyonse. Kenaka muiyendetse mpaka itenthe, muizimitse, muilizenso pomwepo. Ikavuta kulira ili yotentha, chenjerani: nthawi zambiri injini imakhala yatopa.

Akatero aikweze m'mwamba. Galimoto zoterezi ndi zazifupi, zimakhula mimba pa mabampu. Muone dzimbiri, oilo wodontha ndi malo owotcherera osonyeza kuti inachitapo ngozi. Nambala ya chasisi ifanane ndi yolembedwa m'mapepala.

Makanikoyo mumusankhe nokha, mumulipirenso nokha, chifukwa wolipidwa ndi wogulitsa amaimba nyimbo ya wogulitsa. Ndalama mwazikhetsera thukuta zaka zambiri, musazitaye chifukwa cha penti wonyezimira. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.