Kusankha Kamera Yojambulira Kanema wa Nchito za M'mudzi

Lero tikamba za cinthu cimene makolo athu sanagulepo, koma cimene kalabu ya alimi ingathe kugula masiku ano, ndico kamera yojambulira kanema.

Inu akuluakulu mukumbukira galimoto zacikasu za a Malimidwe zimene zinkafika m'midzi ndi kuonetsa kanema wa ulimi dzuwa litalowa. Masiku amenewo ojambula anali a Boma, ife kwathu kunali kupenya basi. Wailesi ya kanema ya dziko lino inatsegulidwa m'caka ca 1999, ndipo pa Balaka pompano pali ina ya Luntha. Tsopano mnyamata wa m'mudzi mwanu angathe kujambula munda wacitsanzo, anthu naonera pa telefoni ya m'manja.

Kodi kanema athandiza bwanji mlimi? Kumbukirani mbozi zacilendo zimene zinagwa m'cimanga m'caka ca 2017. Ambiri sanazione msanga cifukwa zimabisala m'kati mwa nsonga ya cimanga. Mlangizi ali mmodzi, midzi njambiri, koma kanema wa mphindi zisanu afika kumene njinga ya mlangizi sinafike. Kumbukiraninso namondwe wa Freddy m'mwezi wa March 2023. Mfumu yokhala ndi kanema wa minda yokokoloka siibvutika kufotokoza pamene a Boma abwera kudzawerenga zoonongeka.

Koma kamera yabwino idya ndarama zambiri, ndipo ndaramazo nza thonje ndi nandolo zimene mwakhetsera thukuta. Mukasankha molakwa, thukuta la caka cathunthu ligona m'bokosi. Cotero cherani khutu ku zinthu zisanu ndi cimodzi izi.

Coyamba, khalani pansi ndi kulemba nchito zonse zimene kamerayo idzagwira. Kumunda mudzafuna kuonetsa kambozi kakang'ono pa tsamba la thonje. Pa bwalo la mfumu mudzajambula msonkhano wa maora awiri kapena atatu. Pa ukwati mudzajambula m'nyumba ya mdima. Pa nchito zosiyanasiyana zotere, yoyenera ndiyo kamera yopangidwira kanema, imene galasi lace silicoka. Makamera a zithunzi amene asinthidwa magalasi ajambulanso kanema wokongola, koma nthawi iriyonse mucotsa galasi pfumbi lilowa, ndipo pfumbi la Balaka mulidziwa. Ambiri a iwo, makamaka akale, aleka okha kujambula zikakwana mphindi 30, ndipo ena atentha nazima pa dzuwa la October mfumu iri pakati pa mau.

Caciwiri, dziwani tanthauzo la zolembedwa pa bokosi. Cithunzi ca kanema cipangidwa ndi timadontho tating'onoting'ono. Kamera yolembedwa Full HD iri ndi timadontho 1,920 m'litali ndi 1,080 m'lifupi, ndiko kuti toposa mamiliyoni awiri. Yolembedwa 4K iri ndi 3,840 m'litali ndi 2,160 m'lifupi, kucuruka kanai. Wogulitsa adzakukokerani ku ya 4K pakuti mtengo wace ngwokwera. Koma kanema wa 4K adzaza malo msanga, afuna kompyuta yamphamvu pomkonza, ndipo woonera pa telefoni saona kusiyana kweni kweni. Pa nchito za m'mudzi Full HD ikwanira. Onaninso kuti kamerayo ijambula zithunzi 25 kapena 50 pa sekondi, monga ziyenerana ndi magetsi a dziko lino. Yopangidwira ku America ijambula 30 kapena 60, ndipo pansi pa nyali zina za magetsi cithunzi cace cimaphethira.

Cacitatu, yesani galasi. Pali kukoka kwa mitundu iwiri. Kolembedwa optical zoom ndiko kukoka kweni kweni kwa galasi, ndipo kamera yokoka ka 12 kufikira ka 20 idzakuonetsani nkhope ya wolankhula inu muli kumbuyo kwa khamu. Kolembedwa digital zoom kungofutukula timadontho, cithunzi nicicita mbuu, cotero nambala yace ingakhale ikule bwanji musaisamale. Tengani tsamba popita ku sitoro, mulijambule pafupi, muone ngati mitsempha yace ioneka. Funsaninso ngati iri ndi cochingira kuwala cimene achula ND, pakuti dzuwa la masana pa munda wa thonje loyera licititsa kamera khungu.

Cacinai, ndipo ici ambiri aciiwala, ndico mau. Anthu apirira cithunzi cosaoneka bwino, koma akalephera kumva mau anyamuka napita kwao. Cotolera mau ca pa kamera citola mphepo, mbuzi ndi ana osewera, mlangizi osamveka. Gulani kamera yokhala ndi polowetsa maikolofoni yapadera, ndiponso polowetsa zomvera za m'makutu kuti wojambula adzimva cimene cirikulowa. Maikolofoniyo muibveke caubweya cace cochinga mphepo.

Cacisanu, werengerani zotsagana nazo musanapereke ndarama. Batire limodzi silitha tsiku, cotero mufuna awiri kapena atatu, ndi njira yowachajira ndi magetsi a dzuwa kumene kulibe magetsi ena. Kanema asungidwa pa kakhadi kochedwa SD, ndipo ka 64 GB kasunga Full HD wa maora ngati asanu. Mufunanso miyendo itatu yoimikapo kamera, pakuti dzanja ligwedera, ndi cikwama cotseka bwino. Zonsezi ziwerengedwe pamodzi ndi mtengo wa kamera. Wogula ng'ombe saiwala goli.

Cacisanu ndi cimodzi, musagule cinthu cosayesa. Cikomekome ca nkhuyu m'kati muli nyerere. Pali makampani odziwika monga Sony, Canon ndi Panasonic, koma ife sitikusankhirani dzina. Jambulani pa sitoro pomwepo, panja ndi m'nyumba, muonere pa kanema wamkuru. Landirani risiti ndi kalata ya citsimikizo, ndipo funsani kumene ikonzedwa ikaonongeka, kaya ku Blantyre kaya ku Lilongwe. Mukatuma mbale wa ku Johannesburg, mlembereni bwino lomwe zonse tachulazi, makamaka ngati agula yogwirapo kale nchito. Ndipo ngati muona kuti mudzajambula kawiri kokha pa caka, musagule ai. Bwerekani molipira, kapena jambulani ndi telefoni yabwino yolowetsedwa maikolofoni, ndarama zotsalazo mugulire mbeu.

Tsono mau otsiriza ali kwa inu mafumu ndi anyakwawa. Katundu wa gulu aonongeka msanga ngati alibe mwini womyang'anira. Sankhani anthu awiri, mwamuna ndi mkazi, aphunzire kujambula, kuti mmodzi akasamuka nzeru isasamuke naye. Pakhale buku lolembamo wotenga kamera, tsiku lotenga ndi tsiku lobweza. Ndarama zolipidwa pa maukwati zilowe m'thumba la kalabu, zidzagule batire latsopano. Wojambula ayambe wapempha asanaloze kamera pa munthu, ndipo pa ana apemphe makolo. Za ku simba, za ku ndagala ndi za ku dambwe si za kanema, ndipo pa maliro alamula ndiwo eni mbumba. Kanema akangolowa m'matelefoni sabwezeka, cotero malamulowa muwaike kamera isanafike m'mudzi.

Pitani kwa mlangizi wa dera lanu, kaya ku Ulongwe, ku Utale, ku Bazale kapena ku Phalula, mukambirane naye nchito zimene mufuna kujambula nyengo ikudzayi. Safunsa anadya phula. Tsalani bwino nonse.