Tete ali kuchigwa, madzi ake akuchokera kuno

Olemekezeka a Administrador a boma la Tsangano, a Chefe do Posto a ku Ntengo-wa-Mbalame, mafumu ndi nyakwawa nonse, alendo ochokera ku Furancungo m'boma la Macanga, abale a ku Ntcheu amene mwadutsa malire, abusa, ansembe ndi mashehe, aphunzitsi, alangizi a zaulimi, amayi amene mwakhala pamoto chiyambire mbandakucha, achinyamata ndi ana asukulu, landirani ulemu wanu.

Mzinda wa Tete, umene eni ake amautcha Nyungwe, unakhala pansi penipeni pa chigwa cha Zambezi, phiri la Caroeira lili kumbuyo kwake. Nthaka yake ndi yamiyala, mitengo ndi malambe ndi masawu. Mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40. Munthu wa kuno akatsika atavala jekete, amalivula asanafike pa Moatize. Amayi apo mwaseka, mukuzidziwa!

Nanga makolo anakhaliranji potentha chonchi? Anatsata mtsinje. Amalonda achiswahili ankagula golide ndi minyanga pamenepo Apwitikizi asanafike cha m'ma 1530. Mabwato ochokera kunyanja ankakwera mpaka pa Tete, koma kumtunda mathithi a Cahora Bassa ankatseka njira. Ngakhale Livingstone, amene anafika pa Tete mu 1856, atabweranso ndi sitima mu 1858 mathithiwo anamubweza. Katundu ankatsitsidwa pa Tete, msika n'kukula, mpaka pa 21 Malichi 1959 malowa anakwezedwa kukhala mzinda.

Boma liyamikidwe: mlatho wa Kassuende, wowoloka Zambezi pa Tete, unatsegulidwa mu 2014, ndipo malole a ku Malawi ndi Zimbabwe anasiya kupanikizana pa mlatho wa Samora Machel.

Koma tamverani, mafumu. Mtsinje wa Revúbuè, umene umathira mu Zambezi pafupi ndi mzindawo, umatunga madzi ake kumapiri ozizira ano. Kachewere ndi kabichi amene amayi a ku Matundo mumzindamo amaphika amatsika ndi malole kuchokera m'minda muno. Tsono mlimi akagwetsa mtengo wa pakasupe n'kuwotcha makala, kapena akalima mpaka m'mphepete mwa mtsinje, mvula imakokolola nthaka yake yachonde n'kukaitula kuchigwa ngati matope. Dimba lake limauma, kachewere n'kuchepa.

Aphunzitsi, dzinja lino mwana aliyense abzale mtengo. Mafumu, tetezani akasupe a m'midzi yanu.